Nsawa Zouma za Ebelesi

Mutu 5

1. Yekha pakhonde

Panali patatha masabata asanu chichokereni mayi ake a Ebelesi. Mayiwo, a Consolata, anagwa pa ngolo pochokera kumunda, nathyoka mwendo pawiri, ndipo anawagoneka m'chipatala chachikulu ku Chipata. Bambo ake anali ku migodi ku Luanshya. Kalata yawo yomaliza inafika zaka zitatu zapitazo.

Motero m'nyengo yozizira ya chaka cha 1983, Ebelesi Sakala, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anatsala yekha pakhomo pawo m'dera la Zingalume, ku Chadiza.

Tsiku limene ankawanyamula, mayi ake anamugwira dzanja nati, "Nsawa zili m'nkhokwe. Uziswe, ukagulitse ku depoti, kenaka unditsatire. Usazitaye, mwanangu. Ndi thukuta lathu la chaka chonse."

Zinali nsawa za Chalimbana, zija zikuluzikulu zimene boma linkatumiza kumayiko akunja. Ku depoti ankagula zoswa kale, choncho m'mawa uliwonse Ebelesi ankayala mkeka pakhonde n'kuyamba kuswa ndi zala. Makoko anali ouma gwa. Chala chachikulu chinatuluka matuza, matuzawo anaphulika, pamalo pake panatsala zilonda. Kusukulu anali atasiya kupita. Pakhomopo panalibe womulankhulitsa, kupatula nkhuku zimene zinkabwera kudzatola zogwa.

Lolemba masana atcheyamani a Chipani a nthambi ya kumeneko anadutsa pa njinga akulengeza khomo ndi khomo.

"Lole yomaliza ya nsawa ibwera Loweruka! Aliyense abwere ndi khadi la Chipani! Ikachoka imeneyo, depoti titseka!"

Atafika pa Ebelesi anatsitsa mwendo umodzi pansi.

"Mwanawe, dzulo kwabwera munthu wochokera ku Chipata. Akuti mayi ako alibe wowadikirira. Amene amawatungira madzi ndi odikirira odwala ena. Basi yathu ija idakali yakufa, zitsulo zake sizikupezeka. Ndamuuza dalaivala wa lole kuti akutenge Loweruka. Ukonzeke."

Ebelesi anathokoza. Atcheyamani atapita, anakwera pa mwala n'kusuzumira m'nkhokwe. Nsawa zinali zisanafike ndi pakati pomwe.

2. Ndowa ziwiri

Kutsidya kwa kanjira kunali khomo la a Manase, atsibweni ake, mlongo wawo wa mayi ake. Kumeneko kunkamveka nyimbo ndi phwete. Amayi ndi atsikana ankasonkhana kuswa nsawa pamodzi, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Lefina, mnzake wa Ebelesi wa kusukulu, analinso komweko. Gululi silinkafika kwa a Consolata chifukwa iwo ankakana kuti nsawa zawo zithiridwe madzi.

Lachiwiri m'mawa a Manase anatulukira atanyamula ndowa ziwiri zodzaza, n'kuzitula pafupi ndi mkeka.

"Taonetsa manja ako," anatero.

Ebelesi anatambasula manja.

"Ha! Ukufuna zala ziduke? Tamvera, Ebelesi. Waza madzi awa pa nsawazo, uzifunditse masaka. Pofika mawa makoko afewa ngati nthochi. Ndiwauza amayi aja abwere Lachinayi, tsiku limodzi nkhokwe yonse yatha. Komanso nsawa yomwa madzi imalemera bwino pa sikelo."

"Atsibweni, amayi amakaniza zimenezo."

"Mayi ako ali pabedi, akumwa madzi opempha. Ukufuna azigonabe okha? Nsawazi zikupita kutsidya kwa nyanja. Wodya wake sadziwa kuti kuli malo otchedwa Zingalume. Tonse tathira, ndipo palibe amene wafa."

Ebelesi anatola nsawa ina n'kupitiriza kuswa.

"Ndibweranso madzulo," anatero a Manase akuchoka. "Ndidzapeze ndowazi zilibe madzi."

3. Zimene a Ezara anaona ku Beira

Matumba ankayenera kupita ku depoti pa njinga yakale ya bambo ake, koma tayala lakumbuyo linali lophwa. Ebelesi anasiya ndowa zija pomwepo n'kukankha njinga mpaka pamsewu, pansi pa mtengo wa mthethe, pamene a Ezara Mvula ankakonzera njinga. Anali bambo wachikulire, wowerama msana chifukwa cha katundu amene ananyamula pa unyamata wawo.

A Ezara anatulutsa chubu, nachiviika m'beseni la madzi kufuna pobowoka. Kenaka maso awo anagwera pa zala za mtsikanayo.

"Zala izi ndi za munthu woswa zouma," anatero.

"Inde. Koma atsibweni andibweretsera madzi. Akuti ndithire."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Sindikudziwa, a Mvula. Lole ndi ya Loweruka."

A Ezara anapaka guluu pa chigamba, nachiika padzuwa.

"Khala pa chitsa apo, Nasakala. Chigamba chimafuna nthawi kuti chigwire. Ndikuuze zimene ndinaona ndi maso angawa.

"Ndili mnyamata ndinagwira ntchito pa doko la Beira, ku Mozambiki. Masiku amenewo katundu wa dziko lino ankadzera kumeneko. Ife ntchito yathu inali kusenza matumba kuchoka m'mabogi a sitima ya pamtunda kukalowetsa m'sitima za pamadzi. Tsiku lina kunafika mabogi a nsawa. Pa matumba panalembedwa kuti Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Ndinawasisita matumba aja ngati ndakumana ndi mbale wanga. Ndinauza anzanga kuti, 'Izi ndi zakwathu izi. Mwina zina alima ndi mayi anga.'

"Koma nsawa zija sizinakwere sitima. Kunabwera munthu wovala chikhoti choyera, wotumidwa ndi ogula a ku Ulaya. Anaboola thumba ili, naboola ilo, akutapa pang'onopang'ono. Patapita masiku anabwera ndi pepala, nati muli chuku.

"Umvetse bwino apa. Nsawa ukaithira madzi, kunja imaoneka ngati yauma, koma mkati imasunga chinyezi. Ukaitsekera m'thumba imafunda, ndipo imamera chuku. Chuku china umachiona, china sichioneka ndi maso. Chimenecho chili ndi poizoni amene amadya chiwindi cha munthu mwakachetechete. Safa lero, safa mawa, n'chifukwa chake atsibweni ako akuti palibe wafa. Mayiko ogula aja anaika lamulo. Chakudya chisanalowe m'dziko mwawo amachiyeza, ndipo akapeza poizoni sichilowa. Pamenepo palibe kupepesa, palibe kunena kuti mayi anga akudwala. Safunsanso kuti thumba loipali ndi la yani. Amakana mulu wonse, la wothira madzi ndi la woswa zouma pamodzi. Paja nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

"Tinazisenza tokha kukazitentha kuseri kwa doko. Zinayaka masiku atatu, mafuta akuchucha pansi. Kapitawo wathu anandiloza pamaso pa anzanga nati, 'Si iwe uja unkati ndi zakwanu? Kwanu kuli anthu achinyengo.' Ndinasowa poika nkhope. Ndipo wogula ukamukhumudwitsa kamodzi amapita kwa ena, chifukwa nsawa sitilima tokha pa dziko lapansi."

Anatola chubu chija n'kuchitambasula pamaso pake.

"Taona ichi. Chigamba pamwamba pa chigamba. Ukuganiza kuti sindifuna kukuikira chatsopano? M'sitolo mulibe. Mphira sitilima kuno. Jekeseni amene akubaya mayi ako sapangidwa ku Chipata. Zonsezo zimagulidwa kunja, ndipo akunjawo amatipatsa zawo ngati ifenso tili ndi kanthu kabwino kowapatsa. Mkuwa wa ku migodi wagwa mtengo. Zimene zatsala ndi izi zikukutupitsa zalazi."

"Koma a Mvula," anatero Ebelesi motsitsa mawu, "ndikapanda kuthira madzi sinditsiriza."

"Sutsiriza, n'zoona. Sindingakunamize. Ndikadakhala ndi zala zabwino ndikadabwera kudzakuthandiza, koma ukuona wekha mmene zinapindikira. Ine ndakuuza zimene ndinaona. Nsawa ndi zanu, ndowa zili kwanu."

Anamata chigamba, napopa tayala, nakana kulandira kanthu.

4. Madzi apita ku mpiru

Ebelesi atafika kunyumba anapeza ndowa zili pomwe anazisiya. Kutsidya kwa kanjira nyimbo zinali zikupitirira. Anatsamiritsa njinga pa nkhokwe. Ananyamula ndowa imodzi naima nayo pafupi ndi mkeka wa nsawa.

Kenaka anatembenuka, nazungulira kuseri kwa nyumba kumene mayi ake anadzala mpiru, nathira madziwo m'mabedi. Anabwerera kukatenga ndowa yachiwiri, nachita chimodzimodzi.

Anang'amba chitenje chakale, nakulunga zala zake ndi tinsanza, n'kukhalanso pa mkeka.

Dzuwa litapendeka a Manase anafika. Anaona ndowa zopanda kanthu, namwetulira. Koma atapisa dzanja m'nsawa, kumwetulira kuja kunatha.

"Madzi aja ali kuti?"

"Ndathirira mpiru, atsibweni."

"Ine nditunge madzi ndi msana wanga kuti iwe umwetse mpiru? Wakupusitsa ndani?"

"Palibe. Ndangoona kuti ndiswe zouma, monga amachitira amayi."

"Ndiye kuti ife tonse ndife opusa, wanzeru ndiwe wekha?" A Manase anatola ndowa zawo mwaukali. "Chabwino. Uswe wekha, usenze wekha. Zikakuvuta usadzatchule dzina langa."

Kuyambira tsiku limenelo ngakhale moni anasowa. Lachinayi amayi aja anadutsa pakhomo pake ndi malichero awo, osacheuka. Ku chitsime atsikana ankasiya kulankhula iye akafika. Lefina yekha anamuyandikira pamene ena anali atasenza mitsuko, nanong'ona.

"Akuti anakuona kwa a Ezara. Akuti ukufuna kukatinenera kwa ogula."

"Ndinapita kukamatitsa chubu, Lefina."

"Ine ndikudziwa. Koma amayi andiletsa kubwera kwanu."

Ebelesi anabwerera ku mkeka wake. Ankayamba kukangocha, n'kulekeza dzuwa likalowa. Ankapeta, n'kusankha zofota ndi zakuda kuziika padera. Nthawi zina ankayamba nyimbo ya kusukulu, koma popanda woyankha inkathera pakati. Pofika Lachisanu madzulo anali atasoka matumba atatu. M'nkhokwe munatsala nsawa zosaswa zochuluka ndithu.

5. Kachitsulo koboola matumba

Loweruka anayenda maulendo atatu ndi njinga, thumba limodzi pa ulendo. Pa depoti panali ngolo, njinga ndi milu ya matumba. A Manase okha anali ndi matumba khumi ndi awiri. Ebelesi anaika atatu ake kumapeto kwa mzere, nakhala pamwamba pake, khadi la Chipani la mayi ake lili m'manja.

Lole inafika dzuwa litakwera. Kutsogolo kunatsika dalaivala, kenaka mayi wina wovala chikhoti chotuwa, atagwira kachitsulo kosongoka kokhala ndi mphako. Kalaliki wa pa depoti anaimirira.

"Awa ndi a Philomena Zimba, oyeza mbewu ochokera ku Chipata. Chaka chino palibe thumba lokwera pa sikelo asanalione iwo."

A Zimba anayambira kumayambiriro kwa mzere. Ankabaya thumba, nsawa n'kutsikira m'dzanja mwawo. Ankazinunkhiza, kuzigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuluma imodzi. Pa thumba loyamba anapukusa mutu. Pa lachiwiri chimodzimodzi.

A Manase anasendera kwa Ebelesi mwakachetechete.

"Mwana wa mlongo wanga," ananong'ona, "zija tinakangana zija zatha. Kokera matumba ako pa mulu wanga, tiwaike kutsogolo. Tinena kuti ndi za khomo limodzi. Akabaya ako, onse adutsa."

Ebelesi anagwira chingwe cha thumba lake.

"Pepani, atsibweni. Sindingathe."

"Ukundikana pamaso pa anthu?"

"Pepani."

A Zimba atafika pa mulu wa a Manase anabaya matumba anayi. Pa lachinayi anatulutsa nsawa zomatana, zokhala ndi ufa wobiriwira. Anazionetsa kwa kalaliki, ndipo mulu wonse unakankhidwira pambali.

Pomaliza anafika kwa Ebelesi. Anabaya pamwamba, pakati ndi pansi. Nsawa zinalira m'dzanja mwawo ngati timiyala. Analuma imodzi, inathetheka. Anayang'ana tinsanza ta pa zala za mtsikanayo, kenaka anakweza dzanja lodzaza nsawa kuti onse aone.

"Makolo anga, izi ndiye nsawa zimene dziko lingagulitse kunja mosachita manyazi. Chaka chatha ogula anatichenjeza kuti akapezanso chuku sadzabweranso. Zonyowazi sinditenga. Zimene zayamba chuku musadye, musasinjire ana, musapatse ngakhale nkhumba. Mwana uyu wakwanitsa yekha. Inu akuluakulu chakukanikani n'chiyani?"

Mawu amenewa sanamuthandize Ebelesi. Maso onse anatembenukira kwa iye, ndipo sanali maso achikondi.

"Si uyu watinenera?" anatero mayi wina kumbuyo.

"Anayamba kale, kunyada ngati mayi wake," anayankha wina.

Pa makomo onse amene anabwera, asanu okha, kuphatikizapo la Ebelesi, ndi amene nsawa zawo zinakwera pa sikelo. Ena anakwezanso matumba awo pa ngolo. A Manase anakwapula ng'ombe zawo n'kuchoka osayang'ana m'mbuyo. Palibe amene anatsanzika Ebelesi.

6. Phazi limodzi pa tayala

Kukweza katundu kunatenga nthawi, chifukwa lole inatenganso chimanga chimene chinali m'shedi. Ebelesi anasiya njinga kwa a Ezara, nabwerera ndi kamtolo kake. Munali bulangete la mayi ake, ufa pang'ono, ndi mpiru wofutsa. Anakhala pamthunzi wa shedi yekhayekha kudikira.

Dzuwa litapendeka dalaivala anamukodola.

"Ndiwe mwana wa mayi ali m'chipatala uja? Kwera pamwamba, ugwire chingwe zolimba. Msewu ndi woipa."

Ebelesi anaponya kamtolo pamwamba pa matumba. Anaponda pa tayala, nagwira chingwe. Injini inalira.

"Ebelesi! Ebelesi, dikira!"

Anali Lefina. Ankathamanga kuchokera njira ya kumudzi, mpango uli m'manja, fumbi lili m'miyendo. Atafika anagwira bodi ya lole akupumira m'mwamba.

"Amayi asadziwe kuti ndabwera," anatero. "Atsibweni ako apasula nkhokwe yanu. Akukweza nsawa zanu zosaswa pa ngolo, pamodzi ndi zawo zokanidwa zija. Akuti za mlongo wawo ndi zawo, ndipo iwe wawalowetsa m'mavuto. Mawa kukacha adutsa njira ya m'tchire kupita kutsidya kwa malire. Akuti kumeneko kuli ogula a m'mbali amene safunsa mafunso."

"Zachuku zija akagulitsanso?"

"Zonse. Akuzisakaniza."

Ebelesi anayang'ana msewu wopita ku Chipata. Anayang'ananso kanjira ka kumudzi, kumene mapazi a ng'ombe anali akuonekabe pa fumbi. Kamtolo kake kanali kale pamwamba, kutali ndi dzanja lake.

Dalaivala anatulutsa mutu pa windo naliza hutala kawiri.

"Mtsikana iwe, lole ina sibweranso chaka chino. Ukukwera kapena ukutsika?"